Tsiku Limene Ndinalosera Imfa ya Apongozi Anga

Nkhani iyi ku Chiosya amaikamba mpaka lero, ndipo aliyense amaikometsera mwakemwake. Bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndiwasenze mwiniwakene.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene, nthawi imene aliyense anatseguka pakamwa. Alaliki anali paliponse, m'minibasi, pamsika, ngakhale pamzere wa kuchigayo. Ine ndinkakhala pa Kamwendo ndi amuna anga, bambo a Tadala, amene ankakonza njinga m'mbali mwa msewu. Bizinesi yanga inali yokaoda zitenje ndi nsalu ku Chipata n'kumagulitsa tsiku la msika.

Kutchalitchi kwathu abusa anayambitsa kalasi ya Lachinayi masana. Ankati ndi thiyoloje, maphunziro a zaumulungu. Dzinalo linkandimvekera ngati la jekeseni. Amene ankathandiza abusa kuphunzitsa anali mayi Gondwe, namwino wochokera ku Rumphi, kasitomala wanga wa zitenje.

"ANaphiri, bwanji simubwera kukalasi?" anandifunsa tsiku lina akusankha nsalu.

"Mumaphunzirako chiyani chimene mulibe m'Baibulo?"

"Zomwe zili m'Baibulozo. Timaphunzira kawerengedwe kake."

"Kuwerenga ndinaphunzira ku pulayimale, mayi. Zinazo n'za abusa."

Chidwi chokha ndinali nacho. Lachinayi lina ndinakasuzumira pawindo. Anthu akuluakulu anatha masana onse pa kankhani kamodzi, akufunsana kuti akulankhula ndani, akuuza ndani, zinayamba bwanji. Ndinachoka ndikuti awa alibe bizinesi yochita.

Chaka chimenecho apongozi anga aamuna, a Mbewe, anadwala chibayo. Anagonekedwa kuchipatala ku boma, kenaka anatuluka ali ndi mapilitsi oti azikamwera kunyumba. Titapita kukawaona ku Chiosya, mtima wanga unandipweteka. Nyumba inali yabwino, ya njerwa zootcha, yamalata. Koma m'katimo munali fodya wouma mpaka kudenga, matumba a mtedza, makasu, goli la ng'ombe, ndi nkhuku itafungatira mazira kuseri kwa chitseko. Wodwalayo anagona pakati pa zonsezi, akutsokomola fumbi.

Tsono mtengwa angauze bwanji apongozi ake kuti m'nyumba mwawo ndi mwauve? Ine pamaso pa a Mbewe ndinkagwada chapatali, kulankhula nditayang'ana pansi. Apongozi aakazi nawo sanali munthu womuuza za tsache.

Nzeru inandibwerera ndikulongedza katundu wanga. Pa nsalu za ku Chipata panali tinsalu tina topachika pakhoma, topeta maluwa ndi kanyumba kokongola pakati. Pamwamba panalembedwa kuti "Konza nyumba yako," ndipo m'munsi mwake, m'tizilembo ting'onoting'ono, munali dzina la buku la mneneri wina, mutu ndi ndime. Tinsalu timeneti tinkayenda malonda kwambiri kwa amayi ongokwatiwa kumene. Ndinati basi, zimene sindingathe kunena ine, anene ndi Mulungu.

Kutsegula Baibulo kuti ndione ndimeyo sindinakuganizire n'komwe. Ndinangoloweza nambala zake.

Lamulungu masana tinapitanso. M'nyumba munadzaza achibale ndi amayi a mpingo wa kumudziko odzapemphera ndi wodwala. Ataimba nyimbo, mmodzi anati, "Alipo amene ali ndi mawu?"

Ndinakhosomola pang'ono. Bambo a Tadala anandiyang'ana modabwa, poti sanandimvepo ndikulalikira.

"Ndili ndi mawu ochepa," ndinatero. "Mawu amenewa ndi anu, bambo. Andivutitsa sabata yonse. Tsiku lija nditangolowa m'nyumba muno, n'kuona mmene zinthu zilili, ndinadziwa kuti nthawi yakwana."

A Mbewe anagwedeza mutu pamkeka pawo. "Lankhulani, aNaphiri."

Ndinatchula buku, mutu ndi ndime, n'kupempha alamu anga a Esinati, mchemwali wa amuna anga, kuti atiwerengere. A Esinati anapeza ndimeyo, anaiyendetsa ndi chala chamumtima, kenaka anadzutsa mutu.

"Alamu, ndi pomwepa?"

"Pomwepo."

"Ndiwerenge yonse?"

"Yonse, alamu. Mawu a Mulungu sitichita nawo manyazi, ngakhale atawawa."

Anawerenga. Inali nkhani ya mfumu ina imene inadwala kwambiri, ndipo mneneri anabwera kudzaiuza kuti ikonze nyumba yake. Mpaka pamenepo ndinkagwedeza mutu ngati mlaliki weniweni. Koma ndimeyo inali isanathe. Mneneriyo anapitiriza kunena chifukwa chake: mfumuyo imwalira, sichira.

Ndinamva nkhuku ija ikutembenuza mazira.

"Pepani," ndinatero. "Sindimatanthauza zimenezo. Ine ndimangoti titulutse katundu yense m'nyumba muno, anthu akabwera azipeza pokhala."

Mayi wina anagwira pakamwa. Ndinakumbukira mochedwa kuti kumudzi katundu timatulutsa m'nyumba pakagwa maliro.

"Ayi, ayi, sizimenezo. Ndikunena zosesa. Tikangomaliza zonse, tisese."

Apa ndiye apongozi aakazi anaika manja kumutu. "Mayo ine! Munthu akupuma, mwanayu wafika kale pa kusesa!"

Kusesa, paja, ndi mwambo umene timachita maliro akaikidwa.

Ndinatsegulanso pakamwa, koma bambo a Tadala anandigwira mkono. "Amake Tadala, chonde, musaonjezerenso."

A Mbewe sanakalipe. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mofatsa, "Mawuwa munachita kulota?"

"Ayi bambo, ndinawatenga ku Chipata."

"Ku Chipata," anabwereza pang'onopang'ono. "Mpaka ku Zambia akudziwa."

Atatero anatembenukira kukhoma.

Ulendo wobwerera pa Kamwendo ndinakhala pakaliyala ngati thumba la chimanga. Amuna anga anapalasa mwamphamvu njira yonse. Titafika anangoti, "Bambo akapita, ine sindidziwa kuti ndikakuikirani kumbuyo ndi mawu ati."

Sankanama. Kumudzi munthu ukanena kuti wakutiwakuti afa, iye n'kufadi, dzina lako limasintha. Ndinayamba kuona banja langa likutha chifukwa cha kansalu ka maluwa.

Mawa lake a Esinati anatumiza uthenga kudzera kwa wa njinga. Madala akana phala. Mapilitsi akuti ngosathandiza munthu woitanidwa kale. Aitanitsa mphwawo kuti amuuze za ng'ombe ndi munda wa kudimba. Anthu a m'mudzi akubwera kudzawaona mmodzimmodzi, ena akufunsa ngati mtengwa wa pa Kamwendo uja angawaonereko nawonso za m'tsogolo.

Ndinatseka bizinesi n'kuthamangira kwa mayi Gondwe. Ndinawapeza akuchapa yunifolomu. Nditafotokoza, anayesetsa kuugwira mtima, koma mapewa awo ankagwedezeka.

"Sekani mumalize, mayi, kenaka mundithandize."

Anapukuta manja n'kutulutsa Baibulo. Anandipatsa ine kuti nditsegule.

"Akulankhula ndani apa?"

"Mneneri."

"Akuuza ndani?"

"Mfumu."

"Mfumuyo ndi a Mbewe a ku Chiosya?"

"Ayi."

"Nanga kukonza nyumbako, mukuganiza kuti mfumu inauzidwa kuti igwire tsache?"

Ndinayang'anitsitsa. "Ndiye kuti isiye mawu kwa abale ake."

"Eya. Tsopano pitirizani. Inu munaima pamene nkhani ikuyambira."

Ndinawerenga. Mfumu ija itamva uthengawo inatembenukira kukhoma, ndendende apongozi anga. Inapemphera, inalira. Ndiye Mulungu anabweza mneneri uja kuti akaiuze kuti pemphero lamveka, misozi yaoneka, ndipo zaka khumi ndi zisanu zawonjezedwa pa moyo wake. Chakumapeto anthu anatenganso nkhuyu n'kuika pachotupa chimene mfumuyo inali nacho kuti ichire.

"Mwaona?" anatero mayi Gondwe. "Pemphero lilipo, mankhwala aliponso. Akamwe mapilitsi aja."

Ine mantha anali atayamba kusanduka mafunso. Kodi Mulungu amasintha maganizo? Ngati ankadziwa kuti mfumu ichira, anaiopsezeranji? Nanga mneneriyo pobwerera sanachite manyazi ngati ine? Mayi Gondwe anati mafunso otere ndi amene amathera nawo masana a Lachinayi.

Kenaka ndinakumbukira chinthu china. "Mayi, tinsalu tija ndagulitsa tambiri. Ena anapachika kumutu kwa bedi."

Apa anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

Tsiku lotsatira mayi Gondwe anapempha nthawi kuntchito, tinakwera njinga za hayala mpaka ku Chiosya. Apongozi aakazi atandiona ndi Baibulo m'manja anaimirira pakhomo.

"Mwabwera ndi ina?"

"Ndi yomwe ija, mayi. Ndabwera ndi kumapeto kwake."

Ndinagwada pafupi ndi chitseko n'kupepesa. Ndinaulula kuti ndinkafuna kunena za fumbi la fodya, koma ndinaopa, ndiye ndinabisala kuseri kwa ndime imene sindinaiwerenge. Kenaka ndinawerenga mutu wonse ndekha. A Mbewe anali chiyang'anire kukhoma. Nditafika pa zaka zowonjezedwa zija, ndinaona phewa lawo likusuntha.

"Mwati zingati?"

"Fifitini, bambo."

Anatembenuka. "Kuyambira tsiku limene ndinadwala, kapena lero?"

Mayi Gondwe analowererapo. Anafotokoza bwinobwino kuti nkhaniyi ndi ya mfumu ya kalekale, si kalata yopita kwa a Mbewe. Imfa ija sinali yawo, ndipo zakazo si zawonso. Chimene tingatolepo n'choti Mulungu amamva munthu akalira kwa iye, ndipo sadana ndi mankhwala.

Madala anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenaka anaitana akazi awo. "Phala lija lilipo? Muthiremo nsinjiro. Mubweretsenso mapilitsi."

Madzulo ake fodya anasamutsidwira m'chigafa, ndipo amene anagwira tsache anali apongozi aakazi eniake. Ine sanandilole kuligwira.

Lachinayi lotsatira ndinakakhala pabenchi ya kutsogolo. Ndinapeza kuti thiyoloje si ya abusa okha. Munthu wamba ndi amene amapezeka pamkeka wa wodwala, pamaliro, pa mlandu wa banja, abusa ali kutali, ndipo zimene anganene pamenepo zikhoza kumudyetsa munthu phala kapena kumuletsa. Ndinazolowera kufunsa ndisanatsegule pakamwa, mpaka abusa ankati mafunso anga amawachedwetsa kukamwa tiyi.

A Mbewe anachira, ananenepa, anagulanso ng'ombe zina. Patapita miyezi ndinawapeza pakhonde ali okondwa kwambiri. Anati m'mawa womwewo kunabwera alendo a ku Zambia ofuna kugula mtedza, ndipo anawazungulitsa pakhomo ponse, kukhola, kunkhokwe, ngolo yatsopano, mpaka wailesi ya kuchipinda.

"Anachita kugwira pakamwa," anatero. Kenaka anandiyang'ana. "Inu aNaphiri, paja mukuphunzira. Mnzanga uja, mfumu ija, atachira zinamuyendera bwanji?"

Mutu wotsatirawo tinali titauwerenga kukalasi.

"Bambo, paja tinanena kuti nkhani ija si yanu."

"Ndikudziwa. Ndangofunsa."

"Atachira kunabwera alendo ochokera dziko lina."

"Eya."

"Iye anawaonetsa chuma chake chonse, osasiyako kanthu."

A Mbewe anasiya kutafuna mtedza.

"Ndiye mneneri uja anabweranso, n'kunena kuti tsiku lina zonsezo zidzatengedwa kupita kwa alendowo."

Anayang'ana kukhola. Anayang'ana ngolo. Kenaka anatsamira khoma n'kuponya mtedza wina m'kamwa.

"Anamwino aja ananena zoona," anatero. "Baibulo limafunika kuliwerenga mosamala. Za katunduzo n'za mfumuyo. Zanga ndi zaka zija."

Ndinaseka, koma chamumtima, poti ambirife timawerenga ngati apongozi anga: ndime yokoma ndi yathu, yowawa ndi ya mfumu.