Mphemvu Zisanaonane ndi Amayi

Lolemba

Ndalowa! Katundu ali mbwee pabalaza, msana ukuwawa, koma makiyi ali m'manja mwanga.

Zipinda ziwiri, balaza, kakhitchini. Chipinda chaching'onocho zenera lake layang'ana kuphiri, mapaini okhaokha mpaka kumwamba. Chimenecho ndi cha amayi. Eni ake sakudziwa.

Akubwera Loweruka kuchokera ku Kasina. Chimwalirireni abambo chaka chatha amayi akukhala okha, chakudya akungolawa, miyendo ikutupa. Ndikawauza kuti abwere kuno kuboma tidzakhale limodzi, pafupi ndi chipatala chomwe ndimagwirako ntchito, amayankha ngati ndawatukwana. Avomera zodzaona nyumba basi. "Kugona kuwiri, mwanawe. Ine si wa m'tauni."

Nzeru yanga ndi iyi: aipeze nyumbayi ili mbee, aikonde, aiwale njira yobwerera.

Zofunika:
- makatani
- bulangeti lolemera, chisanu cha kuno sichiona nkhope
- msomali wopachikapo mtanda
- kukolopa, kukolopanso

Madzulo ano ndikutsegula kabati ya m'khitchini, ndakumana ndi mphemvu imodzi. Yonenepa, yonyezimira, ikugwedeza ndevu ngati ikufunsa kuti ndine mwana wa yani. Patapata, phwa! Imodzi si nkhani.

Lachiwiri

Sinali imodzi. Ija inali mlonda wa pageti.

M'mawa ndikuyatsa getsi m'khitchini kuti nditereke tiyi. Balalabalala! Khoma lonse likuyenda. Ine amene ndimatsuka zilonda za anthu osaphethira, ndapezeka ndili pamwamba pa mpando, ndikuitana amayi amene ali ku Kasina.

Komwe zapezeka mpaka pano:
- m'kabati, mudzi wathunthu
- kuseri kwa chitseko
- m'ketulo (madzi ndinali nditathiramo kale!)
- m'nsapato yoyera ya kuntchito
- m'buku la nyimbo, pa tsamba la nyimbo za maliro

Ndaitana alandilodi, abambo Chimtengo. Aima pakati pa khitchini, manja kumbuyo. "Mphemvu? M'nyumba mwanga? Mwina mwabwera nazo m'katundu, anamwino." Akunena zimenezi, ina ikukwera mwendo wa thalauza lawo, pang'onopang'ono, mwaulemu. Sindinawauze. Mulungu andikhululukire.

Ndagula mankhwala opopera. Ndapopera paliponse, ndatseka mazenera, ndapita kuntchito ndikutsokomola. Pobwera ndapeza zina zili gada, miyendo m'mwamba. Ndasesa ndikuimba. Masiku akadalipo.

Lachitatu

Khitchini ili zii. Ndapambana!

Sindinapambane. Kwabwera odi. Ndi aNangondo, a kuseri kwa khoma, amene amakazinga mandasi ogulitsa kumsika. Nyumbayi ndi imodzi, anangoidula pakati. "Asisi, alendo anu afika kwathu, ndipo abwera ndi ana." Manyazi! Koma iwo sakukwiya, akuseka, andibweretsera mandasi otentha m'mbale. Akuti siling'i ndi imodzi, ndiye uku mukapopera zimasamukira uko, uko akapopera zimabwerera uku. Amene ankakhala muno ine ndisanabwere ankasinthana nawo choncho, ngati chipereganyu. Lero madzulo akupopera iwo.

Kuntchito aliyense wasanduka katswiri. Malangizo:
- choko cha mphemvu cha kumsika
- shuga wosakaniza ndi soda
- madzi owira m'ming'alu
- parafini
- kusamuka

Amayi aimba foni. Amva kutsokomola. "Wavala juzi?" Kenaka, ngati sakufunsa kanthu: "Nyumbayo njaukhondo?" Ndayankha kuti ili mbee. Amayi anga amaweruza munthu poyang'ana kunsi kwa poto wake. Ndi amene amatsalira Loweruka kukolopa kuseri kwa guwa, komwe ngakhale ansembe sayang'anako. Akadzangoona imodzi, basi, Lolemba ali pa minibasi.

Mawu awo pafoni achepa. Kale ndinkachita kuitalikitsa foni kukhutu.

Lachinayi

Zabwerera. Zikuoneka kuti kwa aNangondo zadya bwino.

Ndajambula mizere ya choko kuzungulira kabati, pakhomo, m'miyendo ya bedi. Nyumba ikuoneka ngati bwalo la phada. Ndakhala pampando kudikirira kuti ndione chozizwitsa. Yabwera imodzi, yaima pamzere, yanunkhiza, yawoloka. Inzake yatsatira osanunkhiza n'komwe.

Shuga ndi soda ndinaika dzulo m'tizivindikiro ta mabotolo. Mphemvu sizinakhudze. Kwabwera nyerere. Tsopano ndikusunga mitundu iwiri!

Madzi owira ndathira mumng'alu wa pansi pa sinki. Mng'alu wakula, pulasitala wagwa, ndipo zomwe zatuluka m'menemo sindilemba, ndikufuna kudya madzulo ano.

Ndaimbira achimwene ku Lilongwe kuti andilimbitse mtima. Akuti, "Ingowauza amayi kuti ndi ziwala za m'tauni." Aseka mpaka foni yaduka. Kuseka ndi kosavuta uli kutali. Sanawaone amayi mwezi watha atakhala pakhonde, mbale ili pamiyendo, akuyang'ana mpando wa abambo.

Makatani ndapachika. Amaluwa achikasu. Chinthu chimodzi chokha chomwe chayenda bwino sabata ino, ngakhale lina latalika kuposa linzake.

Lachisanu

Nkhondo yomaliza. Ndapempha tsiku kuntchito. Tagwirizana ndi aNangondo kuti tipopere mbali zonse nthawi imodzi, zisowe kothawira. Katundu yense panja: mbale, mapoto, zovala, matiresi a amayi, bulangeti latsopano. Tamanga mipango kukamwa ngati akuba. Iwo akugogoda khoma, ine ndikuyankha, tayamba!

Zinathawira kuti? Panja. M'katundu.

Tili mkati mokutumula chinthu chimodzichimodzi, nkhungu yatsika m'phiri, kenaka kamvula kowaza kaja kosamveka padenga. Pofika masana matiresi a amayi anyowa, bulangeti likudontha. Dzuwa lakana kutuluka.

Ndakhala pa ndowa yovundikira n'kulira pang'ono. Si za mphemvu zokha. ANangondo ayatsa mbaula ziwiri, taimika matiresi pakati, tikuwatembenuza ngati chimanga chootcha. Kenaka apita kwawo, abwera ndi bulangeti lawo la ukwati, lomwe amasunga m'sutukesi. "Afunde ili amayiwo. Mudzabweza kukatentha."

Munthu ndamudziwa dzana lomweli.

Ming'alu ndatseka ndi sopo. Matiresi akununkha utsi, nyumba ikununkha mankhwala, ine ndikununkha zonse ziwiri. Ambuye, kugona kuwiri kokha. Zibiseni.

Loweruka

Afika. Katundu wawo: kachikwama kakang'ono, dengu la mbatatesi, ndi nkhuku yathadzi yomanga miyendo, yoti tidye mawa. Aonda. Chitenje chikuchita kuzungulira kawiri. Ndawakumbatira mosamala ngati dzira.

Ayendera nyumba yonse. Apititsa chala pamwamba pa chitseko, ayang'ana chalacho. M'chipinda chawo aima pazenera nthawi yaitali. "Mitengo ilipo," atero. Kwa amayi amenewo ndi mawu aakulu.

Tiyi. Nsalu yoyera patebulo, buledi, mandasi a aNangondo. Amayi atseka maso kudalitsa chakudya. Apo ndi pomwe yatulukira, pansi pa mbale ya buledi, yaikulu kuposa zonse za sabata ino. Ndatenga kapu yapulasitiki, ndaivundikira msanga. Amen.

Tikumwa tiyi. Ndikufunsa za anthu a kumphakati. Kapu yayamba kuyenda.

Ikuyenda yokha, pang'onopang'ono, kudutsa shuga, kulunjika kwa amayi. Amayi akuiyang'ana. Ine ndikuyang'ana kudenga. Yafika pafupi ndi dzanja lawo, aitukula, mwini wake wagwedeza ndevu n'kutsika ndi mwendo wa tebulo.

Ndati basi, zatha.

Kenaka ndamva kaphokoso. Mapewa awo akugwedezeka. Amayi akuseka! Akuseka mpaka misozi, mpaka kugwira m'nthiti. Chiikireni maliro sindinamve kuseka kumeneku.

"Abambo ako ankaziopa izi kuposa njoka. Tsiku lina akuwerenga mawu pa Misa, ina inatuluka m'kolala ya jekete n'kulowa kumsana. Anamaliza kuwerenga akuvina. Azimayi a kwaya n'kumati Mzimu wawagwira!"

Aka n'koyamba kuwatchula abambo mawu osathera pakhosi. Ndaseka nawo, ndalira nawo, tiyi wazizira.

Atapukuta maso afunsa, "Zili zingati?" Ndawatsegulira kabati. "Mayo ine!" Amanga chitenje m'chiuno, atenga tsache. Phulusa la mbaula awaza m'mbali mwa khoma. Madzi odalitsa a m'kabotolo kawo awaza pakhomo. Nkhuku aimasula, aiponya m'khitchini, atseka chitseko. Mkatimo mukumveka jo! jo! jo! ngati wina akukhoma misomali.

Miyendo yotupa ija lero ndaiona ikuthamangitsa mphemvu mpaka kubafa.

Lamulungu

Zotsatira:
- paphulusa pali timapazi tokhatokha
- madzi odalitsa zawoloka
- nkhuku yakhuta, yangokhala pakona, maso ali gwa

Tabwera ku Misa yoyamba. Nthawi yopha nkhuku yakwana, ndatenga mpeni. Ndayang'ana nkhuku, ndakumbuka zomwe yadya. Amayi nawo aiyang'ana. "Isiye, ili pantchito." Tadya mbatatesi ndi nsawawa. Amayi amaliza mbale, awonjezera. Akuti ntchito ya dzulo yawapatsa njala.

Abambo Chimtengo adutsa, aona nkhuku pakhonde, ayamba zoti pano saloleza ziweto. Amayi awapatsa moni waulemu, awafunsa kwawo, awafunsa mfunda, kenaka awaitana kuti adzaone m'kabati mwawo. Abambowo akuti ali ndi changu.

Masana ndikutsuka mbale, ndikumva amayi akucheza ndi aNangondo pachingwe cha zovala. "Mwana uyu ndi namwino, koma izi sangazithe yekha. Ndikhalako kaye mpaka zithe. Mlongo wake akanditengere zovala kumudzi." ANangondo atsegula pakamwa kuti anene zoona, zoti iwo ana awo onse abadwira pano koma sizinathepo. Ndawayang'ana pazenera. Atseka pakamwa. "Zoona amayi, musafulumire."

Ndagonja. Nyumba ya mbee ija palibe. Muno tikukhala ine, amayi, nkhuku, nyerere ndi eni nyumba enieni, amene tinawapeza muno. Pakali pano amayi ali m'chipinda chawo, akung'ung'udza nyimbo, akukonza katani lotalika lija. Akuti mawa tiyambe ndi siling'i.

Ndasesa khitchini bwinobwino monga andiuzira. Kuseri kwa kabati ndasiyako kanyenyeswa ka buledi. Osauza munthu.