Kangachepe ka Athol Prendergast

Kwathu kuno ku Warrindi aliyense amadziwa kuti makaniko sapatsidwa kangachepe. Umalipira pa kauntala, n'kutenga makiyi ako, n'kumapita. Ukakondwa kwambiri, pa Khirisimasi umabweretsa katoni ya mowa n'kuisiya pakhomo la galaja osanena kanthu. Koma kumufumbatitsa ndalama munthu wamkulu ngati wopemphapempha, kumeneko n'kuputa ndewu. Munthu mmodzi yekha ndi amene sankazimva zimenezi, malemu Athol Prendergast. Madala amenewa sankatha kuchoka pamalo osasiya kangachepe, ndipo kangachepe kawoko nthawi zina kankayenda ndi miyendo.

Ine ndine Warwick. Ndagwira sipanala zaka makumi atatu ndi chimodzi pa galaja ya kampani yogulitsa magalimoto m'tauni muno, ndipo a Athol ndinawadziwa mwezi wanga woyamba. Anali atangogula pikapu yoyera, n'kuibweretsa kuti tisinthe oyilo. Nditamaliza anandigwira dzanja, ndinangomva kapepala kakukhwinyata m'manja mwanga.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Ukamwere kozizira, mphwanga."

"Ndili pamalipiro ine. Bwezani m'thumba."

"Wakana ndalama?"

"Ndakana."

"Chabwino. Tione ngati ukane dzungu."

M'mawa mwake ndinapeza dzungu lalikulu ngati tayala la thirakitala litakhala pa benchi yanga. Kunyumba tinalidya milungu itatu, mpaka mkazi wanga ananena kuti akadzaonanso dzungu pakhomo adzabwerera kwawo.

Kuyambira pamenepo ndalama anazisiya, n'kukhazikitsa malamulo awoawo. Ukagwira ntchito wamba, mazira. Ukagwira bwino, dzungu kapena mwendo wa nkhosa. Ukagwira ntchito yowafika pamtima, botolo la uchi wa njuchi zawo, ndipo uchiwo sunkatuluka wamba. Koma ukalakwitsa, sankakalipa ayi. Ankakupatsa ndimu imodzi, mwaulemu, ndi manja awiri, anthu onse akuona. Mnzanga Rodel, makaniko wochokera ku Philippines amene manja ake ndimawasirira mpaka lero, anasiya chala cha girizi pa chiwongolero tsiku lina. Analandira ndimu. Bambo wa ana anayi ameneyu anakhala sabata yathunthu osaimba mluzu.

"Akanangonditukwana bwenzi zili bwino, aise," ankatero. "Ndimu ndiiyankha bwanji?"

Noeleen, mayi amene amalandira makasitomala kutsogolo, ankalandira mazira chifukwa choyankha foni mwansangala. Wogulitsa magalimoto ankalandira dzungu chifukwa chosawavutitsa kuti agule ina. Wapolisi atawagwira akuyendetsa opanda lamba, anawalembera chikalata cha chindapusa, iwo n'kumupatsa mazira khumi ndi awiri.

"Bambo Prendergast, mukudziwa kuti izi ndi ziphuphu?"

"Ziphuphu zimaperekedwa usanalembe, mwanawe. Iwe walemba kale, ndipo walemba zooneka bwino."

Chaka china nditawakonzera giya imene magalaja awiri anailephera, anaona kuti uchi wachepa pa ntchito yotereyi. Anabwera ndi tsekwe wamoyo. Tsekweyo anathawa m'katoni, n'kulowa m'chipinda choonetsera magalimoto atsopano, n'kujompha mayi wina amene anali pafupi kusaina zogula galimoto yodula kuposa onse. Malonda anathera pomwepo. Bwana watsopano wochokera ku Sydney, mnyamata wa tayi ngakhale kutenthe bwanji, anamata chidziwitso pakhomo: antchito saloledwa kulandira mphatso kwa makasitomala. A Athol anachiwerenga mpaka pansi, magalasi ali pamphuno, kenako anapita ku pikapu n'kubwera ndi dzungu.

"La ndani limenelo?" anafunsa bwanayo.

"Lanu, bwana. Mwalemba popanda cholakwika ndi chimodzi chomwe."

Bwanayo anakhala miyezi isanu ndi itatu n'kubwerera kwawo. A Athol anatsala.

Ndinawafunsapo kuti khalidwe limeneli analitenga kuti. Anati bambo awo anameta nkhosa za eni zaka makumi anayi, msana mpaka kupindika, koma palibe mwini famu ndi mmodzi yemwe amene anawauzapo kuti zikomo. "Malipiro amalipira ntchito," anatero. "Nanga munthu waigwirayo alipidwa ndi ndani?"

Tsono nkhani yonse inagona pa pikapu ija. A Athol ankakhala okha pa kafamu kawo, makilomita makumi asanu ndi limodzi kuchokera m'tauni, msewu wake wafumbi wowoloka mitsinje itatu. Akazi awo a Beryl anali atamwalira kalekale. Mwana wawo Glenys, amene amakhala ku Dubbo, anali atawapezera kale malo kunyumba yosungirako okalamba, ndipo anagwirizana chinthu chimodzi: tsiku limene pikapu idzaleke kuyenda, iwonso adzatseka nyumba n'kupita ku Dubbo. Kuno galimoto yakale imayenera kuyezedwa chaka ndi chaka, makaniko n'kusaina kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Wosaina wa a Athol ndinali ine. Ndiye mukuona kuti nyumba yawo, njuchi zawo ndi manda a akazi awo kuseri kwa khola, zonsezo zinkalendewera pa cholembera changa.

Ndipo dzimbiri linali litalowa pansi pa pikapuyo. Chitsulo chachikulu chimene chimanyamula galimoto yonse chinayamba kudyeka. Chaka choyamba ndinawotcherera chigamba n'kusaina. Chaka chachiwiri ndinaika chigamba pamwamba pa chigamba. Chaka chachitatu, ndinene zoona, ndinangoyang'ana kumbali. Ndinkadziuza kuti ndi chifundo. Koma munthu amene wadya uchi wa mnzake zaka zonsezo, pakamwa pake pamalemera, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anthu a kuno amakana kangachepe.

Tinayesa njira zina. Noeleen anawanyengerera kuti ayese galimoto yatsopano. Anangoyenda nayo mpaka pa geti, iyo n'kuyamba kulira, kuthwanima, mpaka kuwalankhula ndi mawu a mzimayi kuti amange lamba. Anatsika, n'kuika ndimu pa mpando, n'kubwerera ku galaja wapansi. Galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito nayo Glenys anaikaniratu. Anati munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi chimodzi sagulirwa galimoto ina, pangano ndi pangano.

Chaka chachinayi tinaikweza m'mwamba pikapu ija, ine n'kulowa pansi ndi tochi. Ndinangogogoda pang'ono ndi sikuludiraiva, iyo n'kulowa yonse ngati ndabaya buledi. Dzimbiri linandigwera kumaso. Rodel anayang'ana, kenako anandiyang'ana ine.

"Msewu wa kwawo uja ndi umene imadutsa basi ya ana a sukulu," anatero chapansipansi. "Awiri mwa anawo ndi anga."



A Athol anali pa mpando wawo wa nthawi zonse pafupi ndi khomo, chipewa chili pa bondo, akumuuza Noeleen za njuchi zimene zinasamukira mu bokosi la makalata. Ndinawaitana kuti adzaone okha. Anawerama movutikira, n'kulowetsa chala pa bowo lija, n'kuchitulutsa chili chofiira.

"Uika chigamba, eti mphwanga?"

"Palibenso pogwira chigamba, bambo."

"Chaka chimodzi chokha. Ndizingoyenda pang'onopang'ono, ngati kumaliro."

"Ikhoza kuthyoka pakati muli pa mtsinje. Kapena mukupatukana ndi basi."

"Warwick, ukudziwa kumene ukunditumiza?"

"Ndikudziwa."

"Kumeneko amadya ndi belu. Mawindo ake satseguka."

"Ndikudziwa, bambo. Koma sindisaina."

M'galaja monse ntchito inaima. Ngakhale amene ankamasula matayala kumapeto anasiya. Madala anaima nthawi yaitali akuyang'ana pikapu yawo ili m'mwamba, kenako anati tiitsitse. Ndinkadziwa chimene chikubwera, ndipo ndinali nditakonzeka kulandira ndimu yanga pamaso pa onse. Anatsegula chitseko, n'kupisa kuseri kwa mpando, n'kutulutsa botolo la uchi, lalikulu kuposa onse amene ndinalandirapo. Analiika pa benchi yanga.

"Bambo, ili sindingalandire."

"Ntchito wagwira. Wagwira bwino kuposa zaka zitatu zapitazi." Anavala chipewa. "Koma moni wanga usadzauyembekezerenso."

Noeleen ndi amene anawaperekeza kunyumba pa galimoto yake. Akuti atafika anamudikiritsa pa geti mpaka atamutolera mazira m'khola.

Patatha milungu itatu Glenys anabwera kudzawatenga. Njuchi anagulitsa, nkhuku anagawa, nyumba anakhoma. Ndinawalembera kalata kawiri, sanayankhe. Noeleen atapita kukawaona anawapeza atawonda, atakhala pa windo. Akuti chimene chinkawapweteka kwambiri si miyendo kapena chakudya, koma kuti anamwino ankawasambitsa ndi kuwameta tsiku ndi tsiku iwo alibe chowapatsa. Ankasunga mabisiketi a pa tiyi m'thumba la malaya kuti apatse wokolopa. Anakhalako miyezi isanu ndi iwiri basi.

Glenys anafika pa galaja Lachiwiri m'mawa, maso ali ofiira. Ananditengera pambali.

"Achimwene, bambo atisiya Lamlungu. Anandituma mawu awiri kwa inu, ndipo anandilumbiritsa kuti ndinene onse."

"Nenani, chemwali."

"Oyamba, akuti m'tauni yonse ino makaniko woona ndi inu nokha, ndipo galimoto yanga ndizibweretsa kwa inu ngakhale ndi kutali."

"Achiwiri?"

Anayang'ana pansi. "Akuti kumaliro kwawo musabwere."

Ndinaseka, chifukwa ndinawamva mawu awo enieni m'menemo. Kenako ndinalowa m'chipinda chosungira matayala n'kutseka chitseko, ndipo zimene ndinachita m'menemo ndi zanga.

Tsiku la maliro galaja yonse inapita, ndi Rodel yemwe, atavala jekete lobwereka. Ine ndinatsala ndekha kusintha mabuleki a galimoto ya munthu amene sindikumukumbuka n'komwe. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma sanena kuti mnansiyo amamva bwanji pambuyo pake. Ndikadzapatsidwanso pepala loyezera galimoto lija ndidzakananso kusaina, zimenezo sindikayika. Kungoti kulondola sikunandithandize kugona bwino ndi tsiku limodzi lomwe.

Masiku ano galaja ndi yaukhondo ndiponso yabata. Makasitomala amaponya makiyi m'kabokosi, amalipira pa foni, ambiri sitiwaona n'komwe nkhope. Akatenga galimoto, kampani imawatumizira uthenga kuti atipatse nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo kumapeto kwa mwezi timaziwerenga pa pepala lomatidwa kukhoma. Ine ndimapeza zisanu kawirikawiri, kuchokera kwa anthu amene sadziwa dzina langa. Munthu mmodzi amene ankayang'ana ntchito ya manja anga n'kuidziwa mtengo wake, ndinamuchotsa pamsewu ndine.