Mbatata zisanu za aNangozo

Anzanga a ku yunivesite akandiona, mpaka lero amafunsa kuti, "Kodi kathabwa kaja kali kuti?" Ndimaseka nawo, koma manyazi amandigwirabe. Lekani ndiulule ndekha iwo asanathirepo mchere wawo.

Tili chaka chachitatu, aphunzitsi anatiuza kuti bizinesi saphunzirira pa bolodi. Tinapanga kagulu ka malonda achilungamo: kugula mbatata ya kachewere kwa alimi a ku Bembeke pamtengo wabwino, n'kukagulitsa kwa mayi wina wokazinga tchipisi pafupi ndi sukulu yathu. Mayiyo anatipatsa mwayi umodzi wokha. Matumba afike Lachisanu, apo ayi abwerera kwa mavenda ake. Wokagula ndinali ine (ndinadzisankha ndekha, poti mayeso a phunziroli ndinakhoza kuposa onse, ndipo palibe amene sindinamuuze).

Tinali titaona mmene mavenda amachitira. Ndowa amaidzazitsa mpaka pamwamba pamere phiri, koma mtengo ndi wa ndowa imodzi basi. Zinkandipweteka kwambiri. Ndinapita kwa kalipentala, nandipalira kathabwa kosalala bwino. Lamulo langa linali lakuti kathabwa kadutse pakamwa pa ndowa, chotsala chibwerere kwa mwini wake.

Lachinayi m'mawa, ndili ku Bembeke, kukuzizira kolowa m'mafupa, amayi a kalabu ya alimi anafika ndi madengu pamutu. Woyamba anali wapampando wawo, aNangozo, mayi wachikulire wosathamanga polankhula. Tinathira, ndinasalaza, tinakhuthulira m'thumba, zonse bwinobwino. Titamaliza, iwo anasankha mbatata zisanu zikuluzikulu, nazipukuta ndi chitenje, n'kuziika pamwamba pa thumba langa.

"Izi ndi za basela, mwanangu."

Ndinazibweza m'dengu mwawo. "Ayi amayi, ife sitibera alimi."

Anandiyang'ana, naziikanso. Ndinazibwezanso. Ataziika kachitatu, ndinakwera pa thumba (inde, ndinakwera, kathabwa kali m'manja) kuti onse amve.

"Amayi, vuto lanu ndi lakuti mwazolowera kuberedwa, mpaka mwayamba kudzibera nokha! Ife tabwera kudzakutsegulani maso."

Amayi aja anayang'anana. Ndinayesa kuti mawu alowa.

ANangozo anati, "Tatsikani pa mbatata zanga." Nditatsika, anamasula thumba, n'kuyamba kubwezera mbatata m'dengu. "Tiyeni anzanga. Zikuoneka kuti zathuzi n'zowola."

Onse anasenza, ulendo. Ndinatsala ndi matumba opanda kanthu ndi bambo wa ngolo amene ndinamuitana kuti adzanyamule katundu. Bamboyo anaseka mpaka kutsamira ng'ombe yake.

Ndinaimbira foni Tiyamike, mtsogoleri wa kagulu kathu. Sanandikalipire. Anangoti, "Mawa ndi Lachisanu. Tonse asanu ndi mmodzi tikudikira iwe." Bola akanandikalipira.

Masana ndinafunsira njira, n'kukawapeza aNangozo kudimba akuthirira kabichi. Ndinanjuta pambali. Anamaliza kaye mzere wonse.

"Ndabwera kudzapepesa, amayi. Koma zoona sindikumvetsa. Ndimafuna kuti musaluze."

Anatula keni pansi. "Venda akabwera amatenga osandifunsa. Inu mwabwera, mwakana osandifunsa. Mwasiyana pati?"

Kenako anapitiriza.

"Phiri la pa ndowa lija amachita kundilanda, ndipo limandiwawa. Koma zisanu zija ndinasankha ndekha, ndi manja angawa. Ndimati mwana uyu wachita bwino, adzabwerenso. Inu mukufuna kuti ife tizingolandira, kupatsa kukhale kwa inu a sukulu nokha? Ine si wopemphetsa, ndine mlimi."

Ndinabwerera ndisakudziwa ngati andikhululukira. Mumtima munali mukuwawa, chifukwa ndinaona kuti chiyambire m'mawa ndinkawaona amayi aja ngati anthu oti ndiwapulumutse, osati anzanga ochita nawo malonda.

Lachisanu m'mamawa anabwera onse. ANangozo anatambasula dzanja. "Bweretsani kathabwa kanu." Anasalaza okha ndowa iliyonse, mosanyengerera kuposa ine, moti ngakhale kambatata kotulukira pang'ono kankabwerera m'dengu. Atamaliza anasankha zisanu zikuluzikulu, nazipukuta, n'kundiyang'ana. Wa ngolo uja anagwira pakamwa.

Ndinalandira ndi manja awiri, bondo litapinda.

Matumba anafika kwa mayi wa tchipisi dzuwa litapendeka, koma linali Lachisanu ndithu. Kathabwa kanatsala kwa aNangozo, ndipo ndimamva kuti mavenda sakakonda ngakhale pang'ono.

Teremu ikutha tinadzaza fomu ya lipoti. Panali funso lakuti alimi apindula chiyani kwa ife, ndipo ndinadzaza tsamba lonse. Funso lakuti ife talandira chiyani kwa alimi panalibe. Ndinafuna kudandaula kwa aphunzitsi, kenako ndinakumbukira kuti fomuyo ndinaikonza ndine.