Ntchito yanga yoononga zingwe za Tiwonge

Lolemba
Akundilembela ndi a Mtonga, aneba anga, aphunzitsi opuma. Ine sukulu ndinalekela panjila, koma mawu onse ndi anga.

Mwana wanga Tiwonge wafika kuchoka ku Lusaka. Watenga tchuthi cha sabata imodzi kukonzekela mayeso aakulu a netiweki ya makompyuta. Si olemba papepala ayi. Akuti labu: amakupatsa makina olumikizana, ena oonongeka, iwe ukonze, maola asanu ndi atatu. Chaka chatha nthawi inamuthela asanapeze chovuta. Sabata yamawa akuyesanso.

Pathebulo lodyela pali:
mabokosi anayi achitsulo, akuti malauta
zingwe zambili
wotchi
Ife tikudyela pakhonde.

Wandipatsa ntchito. Iye atuluke panja, ine ndisokoneze chingwe chimodzi, abwele afufuze, ine ndiyang'ane wotchi. Kubala mwana mpaka kulembedwa naye ntchito! Pofika Lamulungu azipeza msanga kuposa onse a ku Lusaka.

Lachiwili
Ndazula chachikasu. Akufufuza kumbali ina, thukuta kamukamu. Mtima sukundilola. Ndikukhosomola. Ndikuloza ndi mlomo.
"Adada, kumayeso kulibe munthu wokhosomola."

Lachitatu
Wandikhazika moyang'ana khoma. Ndazula ziwili. Wazipeza zonse ziwili madzi a tiyi asanawile.
"Zofewa izi, Adada. Musandimvele chisoni."
Chabwino. Ine ndinasankha fodya ku Chikomeni zaka zonsezi, tsamba lobisa matenda ndimalidziwa.

Lachinayi
Amake apukuta fumbi pathebulo, zingwe zonse azimanga m'mitolo, mtundu ndi mtundu, ngati fodya wopita kumsika. Zaoneka bwino kwambili. Tiwonge wakhala m'mawa wonse akubwezela. Lelo palibe kuononga, aononga kale ena.

Lachisanu
Nzelu yabwela! M'katoni yake muli chingwe chabuluu chomanga mfundo. Anandiuza kuti n'chodwala, chimagwila n'kuleka, n'kugwilanso. Ndamasula mfundoyo, ndaika chodwala pamalo pa chabwino, chabwinocho m'thumba la jekete. Maso sangazindikile.
Ndikuti ndimuitane, magetsi thii. Kenako alendo: azakhali ake atatu, adzaone "injiniya". Monile, monile, mpaka dzuwa kulowa. Magetsi sanabwele.

Loweluka
"Lelo ndikuchita maola onse ngati tsiku lenilenilo. Musakhudze kanthu."
Ndalumbila pamaso pa amake. Sindinakhudze.
Ola loyamba bwino. Lachiwili, zina zikuduka, zikubwelela zokha. Akulemba pakompyuta, kufufuta, kulembanso.
"Adada, zoona simunakhudze?"
Ndakhumudwa. Ndine mkulu wa mpingo ine.
Wakhulupilila mawu anga, zingwe sanaziyang'anenso. Nthawi yatha asanamalize. Wakhala pakhonde, chakudya wakana. Ndamumva akuuza amake: "Ngati palibe wakhudza, ndiye wolakwika ndine. Mwina ndingozisiya."
Ndamuuza kuti makina a masiku ano ndi osalimba.

Lamulungu
Wakwela basi yam'mawa ndi makatoni ake.

Kutchalitchi, nthawi ya chopeleka, ndili kutsogolo ndi akulu anzanga. Ndipise m'thumba la jekete. Chatuluka chingwe chabuluu, chabwino chija cha Lachisanu. Ndinali nditaiwalilatu.

A Mtonga, lekani kuseka, lembani.

Ulaliki wotsala sindinaumve. Ndatuluka, ndamuimbila foni. Basi inali itadutsa kale Chipata. Ndanena zonse: mfundo, jekete, magetsi, azakhali. Iye akuti:
"Ndiye zimene ndinalemba dzulo zinali bwino?"
Ndati sindidziwa, mwanawe, ine ndidziwa chingwe.
Waseka mpaka munthu wina m'basimo kufunsa ngati ali bwino. Kenako akuti: "Ndinayenela kuyang'ana ndekha. Kumayeso sindikhulupilila aliyense, ngakhale mkulu wa mpingo." Akuti mayeso akalowabe.

Ndamufunsa ngati nditumize chingwecho. Akuti ndisunge, ali nazo zambili. Ndafunsanso za ntchito yanga. Akuti yatha.

Thebulo labwelela. Chingwe amake amangila chitseko cha khola la nkhuku, ndipo chikugwila bwino. Pajatu chinali chabwinocho.