Mmene Ndinapambanitsira Mwana wa a Tcheyamani

Kumbali za Bangula kuli anthu amene mpaka lero akangondiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu. Chikhala kuti zinagwera munthu wina, inenso bwenzi ndikuseka mpaka kugwira nthiti.

Ndinali mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji, wochokera kumapiri, ndipo imeneyo inali teremu yanga yoyamba kuchigwa. Ndinkadzimva koopsa. Tsiku lotsekera sukulu ndinavala jekete ndi tayi dzuwa likuswa mtengo (amene munakhalako kuchigwa mukudziwa kuti wovala jekete masana kumeneko amakhala mlendo kapena wamisala, ndipo ine ndinali zonse ziwiri).

Makolo anadzaza pansi pa mitengo ya nimu. Ahedi anayamba ndi nkhani za teremu: denga la Sitandade 2 linasasuka ndi mphepo, choncho kholo lililonse libweretse mtolo wa udzu, mbuzi za m'mudzi zatha dimba la sukulu, ana asamasambe mu Shire patchuthi chifukwa ng'ona sizitsekera sukulu. Kenako inakwana nthawi ya zotsatira za mayeso.

Aphunzitsi a Sitandade 6, a Khembo, madzi osefukira anali atawatsekereza kutsidya kwa Chiromo. Zotsatira anazitumiza kudzera kwa wopalasa bwato: pepala limodzi, mayina okhaokha, opanda manambala. Ahedi atafunsa woti awerenge, ine dzanja linali m'mwamba asanamalize funso. M'kalasi imeneyo munali mtsikana wina, Malita, amene bambo ake a Dzinga, msodzi, anali atanena poyera kuti akapanda kukhoza bwino teremu imeneyo sukulu yathera pomwepo, akalime thonje podikira banja. Nkhaniyi ndinali nditaimva kwa aphunzitsi anzanga, koma kalasiyo sindinkaiphunzitsa, moti wanzeru ndi wogona sindinkawasiyanitsa.

Chimene palibe anandiuza ndi ichi. Pasukulu imeneyo mayina ankawerengedwa kuyambira womaliza kukathera kwa woyamba. Akuti kale ankayambira pamwamba, koma makolo akangomva okhoza ochepa oyambirira ankabalalika kukaingitsa mbalame m'mapira, ahedi n'kutsala akulankhula okha. Kwathu timayambira kwa nambala wani. Ndikanamvako kalasi ina kaye ndikanazindikira, koma a tcheyamani a chipani anali ndi msonkhano ku Bangula, ndipo mwana wawo Zuze anali mu Sitandade 6. Ahedi anati tiyambire pomwepo kuti akuluakulu asachedwe.

Ndinakonza tayi, n'kukweza mawu kuti ndimveke mpaka kumsewu: "Nambala wani, Zuze!"

Ana anayang'anana. Zuze mwiniwake anacheuka kumbuyo kufunafuna Zuze wina. Kenako amayi ake anaimba nthungululu yoti mbalame zinabuka m'mitengo, amayi a chipani anayambitsa nyimbo, fumbi koboo! A tcheyamani anadzuka, n'kuvula chipewa chawo, kumuveka mwanayo.

"Ndinkanena ine!" anatero. "Mwana uyu mutu ndi wanga! Aphunzitsi akalewa ankangomupondereza. Takhuta, aphunzitsi atsopano, takhuta kwambiri!" (Kuchigwa "takhuta" ndiye zikomo.)

Amayi a Zuze anathamangira kunyumba kwawo, poti kunali pafupi, n'kubwera ndi bakha wamoyo, kundikhwapatiritsa. Ndinamulandira ndi manja awiri. Mumtima ndinkati anthu akuchigwa amadziwa kulemekeza maphunziro.

Ahedi anatsokomola. Anatsokomolanso. Kenako anandikoka jekete n'kunong'ona, "Aphunzitsi, taonetsetsani bwino pepalalo."

"Ndikuliona bwinobwino, bwana," ndinayankha monyadira.

Sanawonjezere mawu, ndipo sindiwanena. Masiku amenewo kukonza nkhani imene a tcheyamani aivinira kale kunkafuna munthu amene watsanzikana ndi abale ake.

Ndinapitiriza, bakha kukhwapa, pepala kudzanja. Wachiwiri anali mnyamata amene anasiya mayeso pakati n'kupita kukadula nzimbe, ndipo tinamuombera m'manja iye kulibe (onani kuti ngakhale ameneyo anamuposa Zuze). Wachitatu amayi ake anakana kuimirira, ati mwina pali mwana wina wa dzina lomwelo. Ine osatolapo kanthu. Pamene ndinkatsika ndi mayina, nthungululu zinayamba kuchepa, ndipo ana ooneka aukhondo a kutsogolo anayamba kufwenthera mmodzimmodzi. Ndinkati ndi mmene zimakhalira, wolephera salephera kulira.

Atatsala mayina atatu, bambo wina wamtali anadzuka, anasasa fumbi pakabudula, n'kugwira njinga yake. "Malita, tiye," anatero. "Ndamva zokwanira." Apo m'pamene ndinawadziwa a Dzinga. Mtsikana woonda anadzuka pakati pa anzake n'kuwatsatira.

Ndinawerenga mayina awiri mofulumira, n'kufika pa lomaliza. "Ndipo wotsekera kumchira ndi..." Linali la Malita. Koma pansi pake panali timalemba ting'onoting'ono ta a Khembo: "Uyu ndiye woyamba. Uzani bambo ake kuti mwana wotere sindinaphunzitsepo."

Abale, thukuta lija linazizira nthawi yomweyo. Bakha naye, ngati wamva, anandiipitsira jekete. Ndivomere pano kuti maganizo oyamba amene anandifikira anali oipa: ndikhale chete, ndipinde pepala, ndidye bakha, zinazo adzakonza a Khembo madzi akaphwa. Mantha anandigwira zenizeni. Koma nditakweza maso ndinamuona Malita akuyenda kumbuyo kwa njinga, makope atawakumbatira pachifuwa, osalira n'komwe. Pofika tsiku loti a Khembo awoloke, mwanayo akanakhala ali m'munda wa thonje.

"A Dzinga, taimani!" ndinakuwa, mawu akutuluka ngati a tambala wachimfine. "Makolo nonse, pepani. Ndawerenga chozondoka. Nambala wani ndi Malita."

"Ninji?" anafunsa a tcheyamani. "Nanga Zuze?"

"Zuze aliponso, bwana. Kungoti timuwerenge kuchokera mbali inayo."

Anthu ankafuna kuseka koma ankaopa. Ena analuma chitenje, ena anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Ndiye Zuze anavula chipewa chija, n'kuwabwezera bambo ake mwaulemu. "Baba, inenso ndimadabwa," anatero. Basi, bwalo lonse linaphulika. Agogo ena anagwa pabenchi. Ahedi anabisa nkhope m'kaundula, mapewa okha akugwedezeka. Amayi a Zuze anabwera mwakachetechete, kusolola bakha wawo kukhwapa kwanga osandiyang'ana, n'kumapita. A tcheyamani anakwera njinga osatsanzika, ndipo kuyambira tsiku limenelo ayufi ankandifunsa khadi la chipani paliponse, kumsika, kutchalitchi, ngakhale pachitsime sopo ali kumaso.

A Dzinga okha sanaseke. Anabwerera ndi njinga yawo mpaka pamene ndinaima.

"Aphunzitsi, mwatiuza ziwiri. Choona n'chiti?"

"Chachiwirichi, bambo. Onani, a Khembo alemba okha apa."

Analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anampatsa mwana wawo. "Tawerenga iweyo, awawa sindikuwakhulupirira." Malita anawerenga mokweza, ndipo pofika pa mawu akuti "sindinaphunzitsepo" misozi imene anaisunga ija inatuluka yonse. Nanenso ndinapukuta m'maso, n'kunamizira thukuta.

"Chabwino," anatero a Dzinga. "Abwera teremu ya mawa. Koma mayina adzawerenge ena. Inu nkhabe."

Ndimauza anthu kuti tsiku limenelo ndinaphunzira kuwerenga pepala la eni mpaka pansi ndisanatsegule pakamwa (akazi anga akamva zimenezi amangoguguza kukhosi). Sukulu itatsegulidwa Malita anabweradi, nakhala kutsogolo. Ine sanandipatsenso pepala la zotsatira mpaka ndinachoka pasukulupo, ndipo mwa zilango zonse zimene ndinalandira chaka chimenecho, chokhacho ndicho ndinachivomera ndi mtima wonse.