Sabata imene ndinafuna kupatsa sikana nzeru zatsopano

Lolemba

Makiyi a shopu ali m'thumba mwanga! Asiyatu, mwana wanga, wapita ku Joni kukaona mng'ono wake amene wabereka mwana wamwamuna. Chitsegulireni shopu yake ya fotokope m'tauni ya Durban muno, ntchito yanga yakhala ya pampando wa pakhomo: kupereka moni, ndi kuzimitsa swichi yaikulu ya magetsi ya pakhoma tikamatseka. Lero ndine bwana. Wanena yekha kuti ndikayendetsa bwino, kiyi mmodzi akhala wanga mpaka kalekale.

Malangizo ake: fotokope, batani lobiriwira. Sikana, makina aja ojambula pepala n'kulilowetsa m'kompyuta, pepala ligone chafufumimba. "Pakompyuta pakatuluka kabokosi, Ababa, dinani pamene akuti mawa. Musachite china."

Kabokosi katuluka. Ndadina mawa. Mtima wandiwawa. M'kalasi sindinapondemo, zilembo ndinaziphunzira pamapaketi a mbewu m'minda ya azungu ku Durban North, koma palibe duwa limene ndinaliuzapo kuti mawa.

Lachiwiri

Katulukanso. Ndaitana a Jafali, okonza mafoni khomo loyandikana nafe. Akuti sikana ikupempha femuweya yatsopano. Femuweya, akuti, ndi nzeru zimene opanga anaika m'mimba mwa makina, zouza nyali ndi timagudumu tokoka mapepala chochita. Zikakalamba, opangawo amatumiza zina pa intaneti.

Basi? Kumeneko n'kumezanitsa! Tsinde lakale, nthambi yatsopano. Ine ndamezanitsa mango ndi mapeyala Asiyatu asanamere mano.

Ndiponso sikana imeneyi imakonda kuima panjira ukaipatsa mapepala ambiri. Asiyatu amangoipirira. Ine ayi. Adzaipeza itachangamuka.

Lachitatu

Malamulo a a Jafali, ndawalemba kuseri kwa fotokope yolakwika:

Onani nambala ya sikana kunsi kwake, musaipatse nzeru za inzake.
Chingwe chilowe mwachindunji m'kompyuta.
Mafoni a makasitomala asatchajidwe pamenepo.
Ikayamba, MAGETSI ASAZIME.

"Lomalizali, Madala, ndiye lenileni. Ikadukizidwa pakati, zakale yafufuta, zatsopano sizinalowe."

Ndawauza kuti zamagetsi ndinazidziwa iwo akukwawa.

Ndagadabuza sikana kufuna nambala. Tizilembo ngati nsabwe. Magalasi anga ndawafuna shopu yonse. Anali pamphumi.

Lachinayi

Nzeru zija a Jafali azitsitsa, zili pakompyuta. Akufuna kumalizitsa okha. Ndakana. Nthambi ndimanga ndekha!

Koma lero osayamba, akuti magetsi azima masana. Azimadi. Ndani anaona patali? Ine.

Mumdima ndafotokozera makasitomala za femuweya. Mayi wina wa ku Umlazi, wodikira kusikanitsa mapepala a sukulu a mwana wake, wandimvetsera mpaka kumapeto n'kuti, "Yebo, Baba, koma ndibwere liti?" Ndati Loweruka, adzaona liwiro.

Madzulo ndauzako anzanga a kumzikiti. Ena ayamba kunditchula injiniya. Sindinawaletse.

Lachisanu

Magetsi alipo tsiku lonse. Ndavala mkanjo woyera. Bisimila, ndadina!

Kamzere kobiriwira kayamba kukwawa. Pang'ono. Kaima. Pang'ono. Nkhono ya m'munda ikanakapitirira. Ndamwa tiyi. Ndasesa. Ndakalankhula bwinobwino ngati mbande. Kafika pakati.

Nthawi ya Juma, swala ya Lachisanu kumzikiti, yakwana. A Che Mdala, anzanga ogulitsa nsalu pafupi nafe, akugogoda pazenera, "Injiniya, tichedwa!" Chipewa kumutu, makiyi m'manja, chitseko, loko. Ulendo.

Swala ili mkati, mphumi ili pansi, ndakumbukira dzanja langa lamanja. Potuluka paja linadutsa pakhoma. Thwa! Silinandifunse. Lakhala likuzimitsa swichi imeneyo tsiku lililonse, lero likanaleka bwanji?

Mulungu andikhululukire, swala yotsalayo ndapempherera makina.

Loweruka

Kanyali kofiira kakungophethira. Kompyuta ikuti sikana siikuidziwa, chonsecho agona tebulo limodzi zaka zonsezi.

Zimene ndayesa: kuzimitsa ndi kuyatsa. Kusintha chingwe. Kuuzira mpweya m'kabowo. Kupukuta galasi. Kuimenya pang'ono pambali, ngati wailesi. Kuipepesa.

A Jafali abwera, agwira mabatani awiri pamodzi, adikira, apukusa mutu. "Eish, Madala. Zina zimadzuka, zina zimasanduka njerwa. Iyi tiitumize kwa eni ake amene anaipanga. Koma magetsi dzulo sanazimetu?"

Ndati zazimitsidwa ndi munthu. Afunsa ndani. Ndayang'ana kumsewu.

Mayi wa ku Umlazi wafika ndi mapepala ake. Ndamuperekeza ndekha kushopu ya Mpakistani tsidya la msewu, nditanyamula envulopu yake ngati wantchito. A Che Mdala akuwa ali pakhomo pawo, "Injiniya, liwiro lili bwanji?"

Lamulungu

Asiyatu wafika m'mawa, zithunzi za khanda zili mufoni. Mwanayo mphuno ndi yanga. Ndayesa kukhalitsa pankhani ya mphuno. Wati tipite kushopu.

Wayang'ana kanyali kofiira. Wayang'ana swichi. Wayang'ana ine. Sanakalipe, bola akanakalipa.

"Ababa, mumayesa femuweya sindiidziwa? Chaka chonse ndakhala ndikudina mawa, kudikira tsiku limene inu simudzabwera kushopu. Koma simujomba!"

Ndiye kuti kabokosi kaja sikankadikira intaneti kapena magetsi. Kankadikira kuti ine ndidwale.

Watambasula dzanja. Makiyi apita. Watenga selotepi yakuda, wamata swichi yonse mopingasa. Sikana yalowa m'katoni, ipita kwa eni ake mawa.

Mpando wanga wa pakhomo ulipo, palibe waukhudza. Pa ntchito zanga ziwiri zija kwatsala moni.

Potuluka, dzanja lamanja lapitanso lokha pakhoma. Lapeza selotepi. Ndaliika m'thumba mopanda makiyi muja, likhale m'menemo liganize bwino.