Nyumba Ziwiri, Chitseko Chimodzi

Lolemba

Lero ndayamba ntchito yotulutsa a Jailosi, telala amene amachita lendi nyumba yanga yakuseri kuno ku Area 4. Alibe mlandu munthuyu. Lendi salumphitsa, mowa samwa, thalauzi langa likang'ambika amasoka ulere. Koma likulu la dziko lasamukira kuno, ndipo anthu a ku Zomba akulipira mosawiringula. A Kachingwe, kalaliki wa boma, afika Loweruka ndi banja lonse. Ndalama zawo ndinalandira kale, ndipo zinasanduka njinga.

A Jailosi ndinawauza sabata yatha. Anangoti, "Tamva, bambo." Mpaka lero sanamange ndi mtolo umodzi womwe.

Ndiye mapulani ndi awa:
1. kuzula chitseko chawo
2. kukachisungitsa kwa kalipentala
3. kusiyira udzudzu ntchito yotsalayo

Ziwiri zoyambazo zatheka masana, iwo ali pamakina, akazi awo ali kumsika. Chikumbumtima chikunditsutsa, koma njingayo ndi yokongola.

Lachiwiri

Akazi a Jailosi abereka m'mawa uno. Mwana wamwamuna, m'nyumba yopanda chitseko! Ine ndimayesa kudakali mwezi wathunthu.

Akazi anga sakukalipa, n'chimene chikundiopsa. Angoti, "Mphepo ikamulowa mwana ameneyu, mukayankha nokha."

Ndathamangira kwa kalipentala. Chitseko wachicheka kale, akupangira mashelefu bwana wina wa ku Area 12. Akuti amayesa ndamupatsa.

Ndazula chitseko cha nyumba yanga, chamlombwa chija, n'kukachikhoma kwa a Jailosi. Ndi manja angawa.

Lachitatu

Ndapalasa njinga mpaka ku City Centre kukafunsa malamulo. Tchire, fumbi, mathirakitala, kenaka maofesi oyera mbee pakati pa thengo.

Wa pawindo wandiwerengera ndi zala:
munthu wa lendi amapatsidwa notisi ya mwezi;
akakana kutuluka, nkhani imapita kukhoti;
kuzula chitseko kapena kusasula malata ndi mlandu.

Kenaka wandifunsa, "Wazula chitseko ndani?"

Ndati mnansi wanga wina, munthu wopanda nzeru. Ati ndikamuuze kuti achite manyazi. Uthengawo wafika.

Pobwera tayala laphulika. Ndaikankha njinga ulendo wonse.

Lachinayi

Ndapita kukakambirana mwaulemu, mwina angasamuke mwa kufuna kwawo. Pakhomo ndakumana ndi azamba, mayi wamfupi wosaseka. Ati mayi ndi mwana ali m'chikuta, satuluka ndipo mwamuna salowa mpaka mchombo utagwa. Ndafunsa kuti ugwa liti. Angondiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

A Jailosi atulukira kuseri atanyamula matewera, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Bambo, zikomo potisinthira chitseko. Chakale chija chinkalowetsa mphepo."

Kaya akundinyoza, kaya akunena zoona, sindikudziwa. Bola akanangonditukwana.

Lachisanu

Mchombo sunagwe. Ndafunsa akazi anga kawiri, kachitatu andiuza kuti ndikhale ndi ulemu.

Ndayesa kuimba foni ku Zomba kuti a Kachingwe ayambe adikira. Wayankha mesenjala: "Alongedza kale, lole inyamuka mbandakucha."

Ndayesa kugulitsa njinga kuti ndibweze za eni. Aliyense akuloza tayala lija.

Loweruka

Lole yafika. Zotsika:
a Kachingwe ndi tayi,
mayi Kachingwe,
ana anayi,
bedi lachitsulo, wailesi, mipando ya khushoni,
ndi nkhuku m'dengu.

Anthu a mumzere wonse atuluka kudzaonerera. Ine ndaima ngati mtengo wa magetsi. Akazi anga ndi amene ayankhula: "Takulandirani, nyumba yanu ndi iyi." Akuloza yathu.

Katundu wathu tamutulutsa tokha, popanda notisi, n'kumuunjika m'khitchini yapanja. A Jailosi athandiza kunyamula kabati.

A Kachingwe azungulira nyumba, aima pakhomo. "Bwanji ilibe chitseko?" Ndalonjeza kugula. Ati andipatsa mpaka Lachitatu, ndipo malamulo a lendi amawadziwa bwino, tsiku limene ndidzafune atuluke ndidzawapatse mwezi wathunthu.

Lamulungu

Mchombo wagwa lero, tsiku limodzi mochedwa. Azimayi alulutira, mwana watuluka m'chikuta. Andiitana, andikhazika pampando, andipatsa mwanayo m'manja. A Jailosi ati amutcha dzina langa, poti ndine amene ndinamutchinjiriza kumphepo. Azamba anditsinzinira diso.

Mwanayo wandigwira chala osafuna kusiya. Manyazi andigwira, ndipo misozi yalengeza. Anthu ayesa ndi chimwemwe.

Ndingamutulutse bwanji tsopano? Mumzere monse muno adzati uje wathamangitsa uje mnzake.

Nyumba ndili nazo ziwiri. Ina muli mnzanga wa dzina, ina muli wodziwa malamulo. Ine ndili m'khitchini, njinga kumiyendo, chiguduli pakhomo. Udzudzu uja ndinaulemba ntchito Lolemba wayamba lero.